Makompyuta Osaonana

Pa koleji imeneyo panali nyumba ziwiri zogona ophunzira, ya anyamata kumtunda, ya atsikana kumunsi, ndipo pakati pake panali mpanda wa waya wobooka-booka moti munthu wonenepa ankadutsa osavula jekete. Pulinta inali imodzi yokha basi. Amene anaganiza zoiika m'nyumba ya anyamata, Mulungu amukhululukire yekha, chifukwa ena tinalephera.

Koleji inali ndi lamulo lakuti ntchito yomaliza ya wophunzira aliyense isindikizidwe pa pulinta imeneyo, osati kutauni, chifukwa ndi yokhayo inkadinda kachizindikiro ka koleji pansi pa tsamba lililonse. Ati kuopa okopera. Lamulo lina linkati mtsikana asaponde m'nyumba ya anyamata ngakhale kutagwa mvula yamatalala. Malamulo awiriwa anawalemba anthu osiyana, zaka zosiyana, ndipo palibe amene anakhalapo pansi n'kuwawerenga pamodzi.

Akuluakulu ukawafunsa ankati vuto palibe, poti nyumba zonse ziwiri zili pa netiweki. Mtsikana angodina batani ali m'chipinda chake, mapepala atuluke kumtunda, mesenjala awatole akawatule ku laibulale, nkhani yatha. Zoona zake zinali zakuti mtsikana akatsegula kompyuta kuti aone makina ena, ankangoona a atsikana anzake okhaokha. Anyamata nawo ankangoonana okhaokha. Pulinta kumunsi sinkaoneka n'komwe.

Munthu amene anamulemba ntchito yokonza zoterezi ophunzira ankamutcha Wamawaya. Iye ankafuna azitchedwa Injiniya, mpaka anadzigulira kabaji kolemba choncho, koma dzina likakumata lakumata. Anali akadali pa nthawi yoyesedwa, imene inkatha mwezi womwewo, ndipo ofesi yake inali pansi pa masitepe, m'kachipinda komwe kale ankasungamo zidebe. Munthu akamakwera masitepe, fumbi linkagwera m'tiyi wake. Nkhani ya pulintayi ankaidziwa bwino, koma ankaikankhira kutsogolo, poti amene ankadandaula anali ophunzira, ndipo wophunzira sasaina za ntchito ya munthu.

Lolemba m'mawa kunabwera mwana wa mlongo wake, wa chaka chomaliza, amene anzake ankamutcha Namagalasi. Anaima pakhomo, chifukwa mkatimo anthu awiri sankakwanamo.

"Malume, mwadzuka bwanji?"

"Pano ndine Injiniya, iwe. Malume ndi kunyumba."

"Chabwino. Ntchito yanga ikufunika Lachisanu, yosindikiza kale, yomanga bwinobwino. Pulinta yanu ija sikuonekabe."

"Nanga anzako akutani? Osangopereka fulashi pampanda ngati iwowo bwanji?"

Namagalasi anavula magalasi n'kuyamba kuwapukuta ndi bulauzi, ngakhale anali oyera kale. Ndiyeno anamuuza za a Tcheya.

Tcheya anali wapampando wa bungwe la ophunzira, mnyamata amene anakhala pa kolejipo mpaka aphunzitsi ena anamupeza. Popeza pulinta inagulidwa ndi bungwe, kiyi wa chipinda chake ankasunga ndi iyeyo. Ndiye anadzipangira kalamulo kake: fulashi salandira kudzera mwa munthu wina, mwini wake abwere yekha pampanda, kuti tidziwane. Wa nkhope yosamusangalatsa ankamusindikizira tsiku lomwelo n'kumuiwala. Koma wina akamukomera m'maso, inki inkatha mwadzidzidzi, ndipo sinkapezeka mpaka mtsikanayo atapereka nambala ya foni, n'kuvomeranso kukaongola miyendo kutauni Loweruka.

"Ine inki inatha chaka chatha, malume," anatero Namagalasi. "Akuti adikira, sathamanga. Akuti Lachisanu ndidzabwera ndekha."

Wamawaya anadzambatuka n'kugunda mutu kumasitepe. Mtima unamupsa ndithu, osati zachiphamaso ayi. Mwana ameneyu anamunyamulapo pamapewa, anamuphunzitsa yekha kugwira mbewa ya kompyuta!

"Kamnyamata kameneko! Bweretsa fulashi, ndipita ndekha."

"Anapitako achimwene a mnzanga, anabwerera nayo osasindikiza. Ndiponso inu mukadali oyesedwa, mukayambana ndi bungwe akudyani wamoyo. Nanga anzanga onse aja muwatengeranso?"

"Ndiye mvera. Kumpanda kuja usapiteko. Lachisanu lisanafike udzasindikiza uli gone pabedi lako, iwe ndi anzako omwe. Zikapanda kutero, ine si mlongo wa mayi ako."

Anadziguguda pachifuwa mpaka kabaji kanapendekeka. Namagalasi anamwetulira, n'kuvala magalasi ake, n'kumapita mopepuka. Chomvetsa chisoni n'chakuti anamukhulupirira.

Wamawaya anayambira pamene aliyense wa ntchito yake amayambira, pa waya. Anautsatira kuchokera kumunsi, m'mbali mwa khoma, kudutsa pamwamba pa mpanda, mpaka kuseri kwa mabafa a anyamata, kumene anaupeza utasanduka chingwe choyanikira. Panali masokosi, matawulo, ndi zamkati zina zimene zinkayenera kupumula kalekale. Anakalipa, anaanula, anasintha wayayo, n'kutsikira kumunsi thukuta lili kamukamu. Atatsegula laputopu yake anangoona atsikana okhaokha.

Kenaka anayesa kugogoda. Pali kanjira kotumizira kompyuta ina mawu amodzi okha, ngati odi, kuti uone ngati ili moyo. Anatumiza odi kumtunda, yankho linabwera msangamsanga. Anatumizanso, linabweranso. Ndiye kuti msewu ulipo. Koma akati alowe kuti aone pulinta, zii. Zinali ngati mnansi amene amayankha moni ali m'nyumba, chitseko osatsegula.

Lachiwiri anaona kuti makompyuta ena a kumunsi ali ndi maadilesi achilendo, manambala amene iye sanawagawepo. Anayenda chipinda ndi chipinda, akugogoda, akudikira kuti avale, akupepesa, mpaka anapeza mwini nkhani. Mtsikana wina anabwera ndi karauta kake, kabokosi kogawa netiweki, kuchokera kwawo, n'kukalumikiza chozondoka pansi pa bedi, pakati pa nsapato ndi poto. Kachinthu kameneko kankagawa maadilesi kwa aliyense wopempha, mowolowa manja ngati wandale nthawi ya kampeni, ndipo adilesi iliyonse inali yopita kutchire.

"Mukachotsa ndizionera bwanji mafilimu?" anafunsa mwini wake.

"Uzionera mabuku."

Anakazula n'kukaika m'thumba, akudziuza kuti mfiti yagwidwa. Anatsegulanso laputopu. Atsikana okhaokha.

Kumtunda nako kunali zake. Mayina a makompyuta ankaoneka m'mawa, masana n'kusowa onse, madzulo n'kubwereranso. Apa ndiyenera kukuuzani chinthu chimene simungachikhulupirire, koma funsani aliyense wa mawaya. Makompyuta a m'nyumba imodzi amachita chisankho. Amasankha imodzi kuti izisunga mayina a zinzake, ndipo wofuna kudziwa amene alipo amafunsa imeneyo. Tsono kwa anyamata, chisankho chilichonse inkapambana laputopu ina yakalekale ya mnyamata wa m'chipinda cha pakona. Batire lake linafa, zilembo zina zinagwa, ikamayaka inkalira ngati chigayo, ntchito ina iliyonse inkaikanika. Koma pa chisankho, ee, inali katswiri! Ikangopambana, mwini wake ankaitseka n'kuiponya m'chikwama kupita m'kalasi, mayina onse n'kupita nawo. Otsalawo ankasankha ina. Madzulo nkhalamba ija ikabwera inkaitanitsa chisankho chatsopano, n'kupambananso.

Wamawaya anaitsegula n'kuiletsa kuima nawo.

"Mwailetsa?" anadabwa mwini wake. "Koma bwana, si ufulu wake umenewo?"

"Yalamulira mokwana."

Mayina a kumtunda anakhazikika. Koma kumunsi, pulinta sinaonekebe.

Lachitatu m'mawa, atakhala pansi pa masitepe pake akuuzira fumbi pa tiyi, ndi pamene anavomera chimene ankachidziwa kuyambira pachiyambi koma osafuna kuchiyang'ana. Makompyuta amadziwana pofuula. Iliyonse imakuwa dzina lake m'khonde la nyumba yake, ndipo a m'khonde lomwelo amamva. Koma nyumba ziwirizi zinali mabanja awiri a manambala, ndipo pakati pawo panali rauta yaikulu, imene siinyamula mfuu kupita nayo kwina. Mankhwala ake anali osavuta: kompyuta ya ku laibulale, imene sizima, isunge mayina a nyumba zonse ziwiri, ndipo pa rautapo atsegule khomo limodzi lodutsira mafayilo ndi zosindikiza. Mbali ya ku laibulale anaimaliza tiyi asanazizire. Chotsala chinali khomo lija. Koma amene anagwira ntchitoyi iye asanabwere anatseka njira yolowera mu rauta uli patali. Pankafunika kufika pamene ili n'kulumikiza waya ndi manja. Ndipo inali m'kabokosi kachitsulo, pakhoma, m'chipinda chosungira mabulangete.

Kiyi wa chipinda chimenecho anali m'chiuno mwa Mayi Makiyi.

Mayi Makiyi ankayang'anira nyumba zonse ziwiri. Unkawamva usanawaone, chifukwa mulu wa makiyi unkalira m'chiuno mwawo, ndipo anyamata odutsa pampanda ankathokoza Mulungu chifukwa cha belu laulere limeneli. Sanali munthu woipa, tisawanamizire. Kungoti chaka chilichonse ankaperekeza mwana wa eni ake mmodzi kapena awiri kugeti, chikwama pamutu, mimba kutsogolo, ndipo ankalira nawo zenizeni. Wamawaya anawapeza akumwa tiyi m'ofesi yawo.

"Amayi, ndabwera kudzapempha kiyi wa chipinda cha mabulangete."

"Mwazizidwa, bambo?"

"Ayi, muli rauta."

"Muli chiyani? Iii, tinathiramo mankhwala mwezi watha womwewu!"

"Si kachilombo, amayi, ndi kabokosi ka makina." Apa Wamawaya akanatha kungonena kuti akufuna kukonza pulinta, n'kulandira kiyi, n'kumapita. Koma munthu wogula yekha baji sangadutse mpata wophunzitsa. Anakhala pampando osauzidwa, n'kupinda mwendo. "Ndikufotokozereni mwachidule kuti mumve. Vuto lathu pano ndi lakuti nyumba ya anyamata ndi ya atsikana sizikuonana."

Mayi Makiyi anaika kapu pansi pang'onopang'ono.

"Mwati bwanji?"

"Sizikuonana. Olo pang'ono. Mtsikana afufuze bwanji pa kompyuta, angoona atsikana anzake. Mnyamata chimodzimodzi."

"Ambuye alemekezeke!" Anakweza manja onse awiri, makiyi n'kulira. "Ine zaka zonsezi kukuwa, kusoka mpanda, kulanda makwerero, osadziwa kuti kuli makina otha ntchito imeneyi! Ndiye kiyi mukufuna wa chiyani?"

"Kuti ndikonze. Azionana."

"Azichani?"

"Musandimve molakwa, amayi. Ndingotsegula khomo limodzi lokha."

"Khomo."

"Laling'ono kwambiri. Kuti azitha kugawana zinthu."

"Zinthu zanji?"

"Chilichonse chimene mwini wake walola."

"Nthawi yanji?"

"Nthawi iliyonse, usana ndi usiku. Ubwino wake ndi umenewo. Munthu safunikanso kudzuka, zonse zimatheka ali gone pabedi lake."

Anamva yekha mawuwo akutuluka, koma mawu alibe chingwe choti uwakokere. Anayesa kutchula pulinta, anayesa kujambula timabokosi pa pepala, koma Mayi Makiyi anali ataphimba kale makiyi awo ndi dzanja ngati akuteteza mwana.

"Bambo, ine sukulu ya makina sindinapite. Koma pakati pa kuonana ndi chinacho pali chilembo chimodzi chokha, ndipo ine ndaona ana a eni ake ambiri akugwera m'chilembo chimenecho. Nkhaniyi ikamveke kwa a Mkulu."

Msonkhano unachitika Lachinayi m'mawa, m'ofesi ya Mkulu wa koleji, mmene munali kapeti yofiira ndi zikho za mpira za zaka zimene koleji inkapambana. Wamawaya anapeza Mayi Makiyi atakhala kale. Pambali pawo, m'malo mwa ophunzira onse, panali Tcheya, atavala jekete ndi tayi, tsitsi lonyezimira, manja ali pamaondo ngati mwana wa kwaya. Wamawaya anamuyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi. Anadziuza kuti lero ndi lero, amuvula pamaso pa akuluakulu.

Amene anayamba kulankhula anali Mayi Makiyi, ndipo chifukwa cha mtima wawo wabwino sanamuneneze. Anati mnyamata wa makinayu ndi dalitso. Chimene mpanda unalephera, makina ake akwanitsa. Kungoti tsopano akufooka, mwina ana akumuvutitsa, ndiye akufuna kugumula ndi manja ake chimene chikutiteteza. Tim'limbikitse.

Tcheya anapempha mwaulemu kuti aponyepo mawu. Anaimirira, n'kumanga batani la jekete.

"A Mkulu, ife ngati atsogoleri a ophunzira usiku sitigona poganizira alongo athu. Dziko laipa. Lero mukatsegula khomo la makina, mawa adzapempha la matabwa. Makolo anatipatsa ana awa kuti abwerere ndi madigiri, osati ndi matewera."

"Mwamva mwana wolankhula zanzeru," anatero Mayi Makiyi, akupukuta m'maso.

"Bwana," analowerera Wamawaya, "nkhani ndi ya pulinta. Atsikana sangathe kusindikiza, ndipo mawa ndi tsiku lomaliza. Komanso pali zimene zikuchitika pampanda paja zoti..."

"Za pulinta musade nazo nkhawa, a Mkulu," anatero Tcheya mofatsa. "Alongo athu timawathandiza ndi manja awiri, masana dzuwa likuswa mtengo, aliyense akuona. Alipo amene anabwera kudzadandaula kuno?"

Kunena zoona, panalibe. Akadandaule kwa ndani, popeza madandaulo a ophunzira ankadutsira kwa wapampando?

A Mkulu anali munthu wotopa, wosakonda nkhani yokhala ndi mbali zoposa ziwiri. Anavula magalasi, n'kutsina pamphuno, n'kukweza dzanja kuti onse akhale chete.

"Bambo wa makina, ndimveni bwino, chifukwa mwezi uno ndiyenera kusaina za ntchito yanu. Ine za mawaya sindizidziwa. Ndingofunsa funso limodzi. Kusaonana kumeneku, kodi ndi vuto limene mwakhala nalo miyezi yonseyi osalikonza, kapena ndi nzeru yanu, munachita dala?"



Wamawaya anaona njira ziwirizo bwinobwino, sitinganene kuti anasokonezeka. Akati ndi vuto, ndiye kuti iye ndi waulesi amene wadya za koleji miyezi yonse akuuzira fumbi pa tiyi. Anakumbukira zaka zimene anayenda ndi envelopu yakhaki kukhwapa, ofesi ndi ofesi, alonda a pageti mpaka kumudziwa dzina. Anakumbukira mkazi wake akusita malaya a tsiku loyamba ntchito, akuimba. Nkhope ya Namagalasi nayo inabwera, sikuti sinabwere. Anangoipempha kuti idikire kaye panja.

"Dala, bwana."

"Mwati?"

"Ndinachita dala."

Akanalekera pomwepo bwenzi tikuti munthu anapanikizika, madzi anafika m'khosi. Koma ayi ndithu! Ataona a Mkulu akugwedeza mutu mokondwa, lilime linamasuka lokha. Anafotokoza kuti njira imeneyi akatswiri amaitcha mpanda wosaoneka, kuti anaiganizira sabata yake yoyamba ataona mmene waya wa panja wabookera, kuti dzulo ankangofuna kiyi kuti akaone ngati mpandawo ukadali wolimba, koma amayi sanamumvetse, ndipo iye sakuwaimba mlandu, poti nkhani za makina n'zozama. Mabodza ankatuluka atavala kale nsapato.

Mayi Makiyi anapepesa kuti anamuganizira zoipa. Tcheya ndiye anayamba kuomba m'manja, ndipo ankaomba akumuyang'ana Wamawaya m'maso, akumwetulira ngati munthu amene wapeza mbale wake kuchilendo.

"Anthu ngati inu ndi amene timawasowa," anatero a Mkulu. "Ena akangobwera, ntchito kulumikiza chilichonse ndi chilichonse. Ndisaina sabata yamawa. Ndipo simungamakhale pansi pa masitepe ngati tsache. Kuyambira mawa mulowe m'chipinda chija chinali cha a zamasewera, ndipo pachitseko tilembapo kuti Woona za Chitetezo cha Makhalidwe pa Makina. Makolo akamabwera tizidzawaonetsa."

Potuluka, Mayi Makiyi anamukodola. Anamasula kiyi mmodzi pa mulu uja, chinthu chimene sanachitirepo munthu wamoyo, n'kumufumbatitsa m'dzanja.

"Pitani mukaone mpanda wanu, mwana wanga. Mukatseke zolimba."

Ndiye masana a tsiku lomwelo Wamawaya anapezeka ali yekha m'chipinda cha mabulangete, chitseko chotseka, fungo la mankhwala a njenjete lili m'mphuno. Anakwera pa mulu wa matiresi, anatsegula kabokosi kachitsulo, analumikiza waya. Rauta inamulandira bwinobwino. Lamulo lotseka khomo lija linali pomwepo pamaso pake, mzere umodzi wokha. Analemba mawu olichotsera. Chinatsala n'kudina batani limodzi.

Chala chinaima m'malere.

Akadina, mapepala a atsikana ayamba kutuluka kumtunda madzulo omwewo, ndipo woyamba kuwaona ndi mwini kiyi wa pulinta. Dzuwa lisanalowe nkhani ili kwa a Mkulu: mpanda wosaoneka wagwa tsiku lomwe auyamikira, ndipo wougwetsa ndi mwini wake. Pamenepo sadzakhalanso waulesi chabe, adzakhala waulesi wabodza. Anakhala pa matiresi paja nthawi yaitali, akukambirana ndi mtima wake, ndipo mtima wa munthu wofuna ntchito ndi loya wochenjera. Unamuuza kuti siginecha iume kaye. Unamuuza kuti sabata yamawa adzatsegula mwakachetechete, ndipo atsikana a chaka chamawa adzamudalitsa. Unamuuzanso kuti Namagalasi ndi mwana wanzeru, wotengera kwawo kwa amayi ake, sangasowe njira.

Anafufuta mawu aja chilembo chimodzichimodzi. Kuti asatuluke osachita kanthu, anatenga ngodya ya bulangete n'kupukuta fumbi pa rauta mpaka inawala. Kenaka anakhoma kabokosi, anazima foni yake, n'kuweruka kudzera kugeti la kumbuyo, kumene amatulukira otaya zinyalala.

Lachisanu m'mawa anasamuka. Ofesi yatsopano inali ndi zenera, mpando wozungulira, ndi mipira iwiri yophwa imene a zamasewera anaisiya pakona. Wopenta anali pachitseko ndi kabulashi kake, akudandaula kuti udindowo ndi wautali, sukwana mzere umodzi. Wamawaya ankayesa mpando, uku ndi uku, koma mtima sunali m'malo. Aliyense wodutsa pakhonde ankamudzidzimutsa.

Namagalasi anafika dzuwa litakwera. Anapempha wopenta kuti amupatse njira, anawerenga zimene zinali zitalembedwa kale pachitseko, n'kulowa. Kukhwapa kwake kunali buku lachikuto chabuluu, lomangidwa bwino. Analiika pa tebulo. Wamawaya analitsegula pakati, ngati wofuna kuona mmene mwana walembera, koma maso ake anathamangira pansi pa tsamba. Kachizindikiro ka koleji kanali pomwepo, inki yakuda bii, yosasowa.

"Yatheka," anatero, mawu akutuluka opyapyala.

"Yatheka, malume. Ndikukapereka. Ndimati muione kaye, poti munaivutikira."

"Dzulo foni yanga inatha moto. Ukudziwa, zinthu zinavuta pang'ono kwa akuluakulu, koma sabata yamawa ndithu ndi..."

"Ndamva zonse. Anandifotokozera bwino amene analipo. Akuti munalankhula ngati pulofesa."

Sanakweze mawu, sanalire, ndipo chimenecho n'chimene chinamupweteka Wamawaya kuposa kutukwanidwa. Anafuna kufunsa kuti yatheka bwanji, koma analiopa yankho lake. M'malo mwake anayamba kusuntha zinthu pa tebulo, sitepula uku, kapu uko.

Foni inalira m'thumba la Namagalasi. Anaitulutsa, anayang'ana dzina, n'kuisiya ikulira m'dzanja mpaka inaleka. Wopenta anasuzumira. Isanathe mphindi inayambanso.

"Ngati ndi wovutitsa, ingozima," anatero Wamawaya, akuyang'ana sitepula.

"Ayi, ndiyankha. Ndinalonjeza kuti ndiziyankha." Ananyamula buku lake n'kulikumbatira pachifuwa. "Ine ndikalonjeza ndimachita, malume."

Anatuluka, n'kuima pakhonde pafupi ndi zenera latsopano lija, moti Wamawaya anamva zonse. Mwana wa mlongo wake, amene kwawo ankayankha akuluakulu mpaka kumuopseza ndi chikoti, anatsokomola pang'ono, n'kulankhula ndi timawu tating'ono taulemu timene iye anali asanatimvepo.

"Halo, a Tcheya. Eya, ndikumva. Mawa nthawi yanji?"